Bwanji YouTube ikuthamanga pomwe tsamba langa likukwawa?

Bambo wina wa ku Ulongwe wandilembera imelo. Akuti mwana wawo anawakonzera tsamba la pa intaneti lotsatsira mbatata ya kachewere, koma kuti litseguke munthu amachita kutopa nako kudikira, chonsecho YouTube pa foni yomweyo sivuta. "Kodi ndi netiweki?"

Bambo, musafulumire kunyoza netiweki. Mufunseni mwanayo komwe kuli seva, kompyuta yosunga tsambalo. Ikakhala ku Europe, pempho lanu limachoka pa nsanja ya Movitel kapena Vodacom, n'kukalowa m'zingwe za pansi pa nyanja, monga cha SEACOM chomwe chinafika ku Maputo mu 2009. Kuwala konyamula uthenga m'zingwezi kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, koma ulendowu si umodzi ayi. Foni ndi seva zimayamba zalonjerana, kenako kugwirizana za chitetezo, ndiye mawu, ndiye zithunzi. Kupita ndi kubwera kangapo konse.

Taganizani za mwini golosale pamsika wa Ulongwe. Munthu akafuna shuga, iye sakwera galimoto kupita ku fakitale ku Marromeu. Amatenga pashelefu, poti anaoda kale ku holoselo. Pa intaneti, holoselo imeneyo imatchedwa CDN (Content Delivery Network): makampani ngati Akamai, yomwe inayamba mu 1998, kapena Cloudflare, ali ndi maseva m'mizinda yambiri, kuphatikizapo Johannesburg, momwe amasungamo makope a zithunzi ndi mafayilo a tsamba lanu. Woyamba kufunsa chithunzi amadikirabe chichokere kutali. Obwera pambuyo pake amachipeza pafupi. Google, mwini wake wa YouTube, imafika poika maseva ake m'kati mwa makampani a intaneti enieniwo, n'chifukwa chake mavidiyo otchuka sachedwa.

Si zonse zimasungidwa choncho. Ndalama zotsala mu M-Pesa mwanu sangazikopere pashelefu, zimafunsidwa kugwero nthawi iliyonse.

Cloudflare ili ndi gawo laulere, ndipo pa tsamba laling'ono ngati lanuli n'lokwanira. Komabe ndalitsegula tsamba lanulo, ndipo chandidandaulitsa ndi china. Chithunzi cha matumba a mbatata chija chinaikidwa momwe chinachokera mu kamera, cholemera ma megabyte angapo. Ngakhale chisungidwe pafupi chotani, wogula wa ku Domwe yemwe foni yake ikungogwira timizere tiwiri adzadikirabe, bandulo yake n'kumatha. Mwanayo ayambe wachepetsa zithunzizo, za CDN zibwere pambuyo. Ndipo mukasintha mtengo wolembedwa pa chithunzi, mumukumbutse afufute kope lakale ku CDN, kuopa kuti ogula angabwere ndi mtengo wa mwezi watha.