Funsani za Foni ndi Kompyuta: Posta ya kwaya yatuluka yachimbuuzi

FUNSO: Achimwene, ine ndine mlembi wa kwaya pa mpingo wathu kuno ku Zomba. Tikukonzekera kukhazikitsa chimbale ndiye mnyamata wina wa mu kwaya momwemo anatipangira posta pa laputopu yake, yokongola zedi, tonse titavala yunifomu, m'munsi mwake tsiku, malo ndi nambala za foni. Anaiponya pa gulu la WhatsApp, apampando anaijambula sikirinishoti nkunditumizira, ine nkutumizanso kwa opulinta m'tauni kuti atulutse pa pepala la A3. Titapita kukatenga mayo ine, nkhope zathu ngati zopakidwa phala, nambala zosawerengeka bwino, 3 ndi 8 osasiyana. Opulinta akuti vuto si makina awo. Mnyamatayo akuti failo yeniyeni ali nayo koma ndi yolemera, itha bandulo. Ndiye tizitani kuti chithunzi chikhale chopepuka koma chooneka bwino?
Mayi wa ku Zomba

YANKHO: Amayi, opulintawo musawakwiyire akunena zoona. Posta yanu inafera m'njira isanafike nkomwe pa makina awo.

Chithunzi cha pa foni ndi timadontho tambirimbiri totchedwa ma pixel. Kamera ya 12 megapixel imajambula timadontho 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi, ndipo chikanasungidwa chonse osachifinya chikanalemera 36 MB chimodzi chokha, tangoganizani zithunzi za ukwati umodzi. Nchifukwa chake mu 1992 kunabwera JPEG, njira yofinyira zithunzi kuti zipepuke. Iyoyo imadula chithunzi m'timabokosi ta madontho 8 kwa 8, nkumataya mu kabokosi kalikonse tinthu timene diso silingazindikire msanga, makamaka za mtundu, poti diso la munthu limaona kuwala ndi mdima bwino kuposa kusiyana kwa mitundu. Mukatero 36 MB ija imatsika kufika pa 3 kapena 4 MB ndipo inu simuona kusintha kulikonse.

Koma zili ngati kukonola chimanga ku chigayo. Gaga akachoka wachoka, simungamubwezerenso pa mphale. Ndiye mukaitenga mphale yomweyo nkukaikonolanso, mawa nkukonolanso, mudzangoona thumba likuchepa. Posta yanu inakonoledwa katatu. WhatsApp mukatumiza chithunzi mwa nthawi zonse imachichepetsa, mbali yaitali imafika pafupifupi madontho 1600 basi, nkuchifinyanso ndi JPEG. Apampando atajambula sikirinishoti chinatenga kukula kwa sikirini ya foni yawo, ndipo apa pokha ndiwadandaule pang'ono apampando, sikirinishoti ndi mdani wa posta, akanangodina forward zikanakhalako bwino. Kenako inu munatumizanso nkufinyidwanso.

Tsono opulinta amafuna madontho 300 pa inchi iliyonse kuti chinthu chogwira m'manja chioneke chakuthwa. Pa A4 ndiye kuti 2480 kwa 3508, pa A3 ndi 3508 kwa 4961. Inu munawapatsa 1600 kapena kucheperapo kuti adzaze pepala lotalika mainchi 16 ndi theka, madontho osakwana nkomwe 100 pa inchi, makinawo anangokoka zomwe zinalipozo ngati lasitiki. Phala lija ndi lomwelo.

Nambala zinavutika kwambiri kuposa nkhope chifukwa JPEG anaipangira zithunzi za kamera, momwe mitundu imalowana pang'onopang'ono monga khungu, mitambo, udzu. Ikakumana ndi chilembo chakuda pa malo oyera imasokonezeka, imasiya timadontho tauve m'mbali mwa chilembocho ngati udzudzu wazungulira nyale. Tsegulani posta ili pa foni yanuyo mukulitse pa nambala ndi zala ziwiri, mutiona. Zolembalemba, logo ya kwaya, zinthu za mitundu yochepa, zimakonda PNG, njira ina yosungira zithunzi. Iyi inabwera mu 1996 ndipo sitaya kanthu, ili ngati kupinda zovala bwinobwino mu sutikesi, mukatsegula zonse zilimo. Kungoti chithunzi cha kamera mukachisunga ngati PNG chimalemera moopsa, ndiye musati poti ndayamikira PNG basi zonse PNG ayi.

Chochita nchakuti mnyamatayo atulutse mafailo awiri kuchokera pa ntchito yake yoyambirira ija. Ya opulinta ikhale PDF kapena JPEG ya kwalite yapamwamba pa saizi ya A3, imeneyo isadutse m'manja mwa anthu ambiri, aiike pa flash apite nayo yekha, kapena aitumize pa WhatsApp ngati Document, podina ka chizindikiro kophatikizira mafailo kaja, chifukwa Document imapita momwe ilili osakhudzidwa. Inde idya bandulo, koma kamodzi kokha, ndipo ndalama yake siingafike pa imene mwataya kupulinta zinthu zosawerengeka. Ya pa magulu ndi pa Facebook aichepetse yekha, mbali yaitali 1600 kapena 2000, kwalite pa 80 mwa 100. Ine ndimayamba ndi kuchepetsa saizi kenako kwalite, chifukwa mukadula litali ndi lifupi pakati madontho amatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, failo imapepuka kwambiri chithunzi chikadali chaukhondo. Kwalite ya 100 ndi kuwononga malo chabe, kuchoka pa 100 kufika pa 85 failo imapepuka kwambiri koma anthu ambiri sangaloze kusiyana kwake, pomwe mukatsika kufika cha m'ma 40 timabokosi tija timayamba kuonekera pa masaya ndi pa mitambo. Kuyambira 2023 WhatsApp ilinso ndi ka batani ka HD potumiza chithunzi, nkabwino pa magulu koma nakonso kamafinyabe, si ka opulinta.

Ndipo failo yoyambirirayo asaifufute olo memory itadzadza bwanji.

FUNSO: Ndikufunsira ntchito pa intaneti ndiye akufuna satifiketi yanga ya MSCE isapitirire 500 KB, koma ndikaijambula pa foni ikumabwera 4 MB. Ndikaichepetsa magiredi sakuoneka. Thandizeni bigi.
Mnyamata wa ku Kasungu

YANKHO: Aise, ndikukayikira kuti theka la chithunzi chakocho ndi tebulo ndi nsalu ya pa tebulo. Jambula masana pafupi ndi windo, foni ili molunjika pamwamba pa pepala, kenako udule zonse za m'mbali kutsale satifiketi yokha. Uichepetse mbali yaitali ikhale cha m'ma 1800, kwalite 75, nthawi zambiri imalowa pansi pa 500 KB. Pali tsamba laulere la Squoosh limene anapanga a Google, limakuonetsa chithunzi choyamba mbali ino chofinyidwa mbali inayo, ndiye ukamatsitsa kwalite uziyang'ana pa chidindo ndi pa magiredi, zikangoyamba kuchita mbuu bwerera m'mbuyo pang'ono. Ikakanabe ichotse mtundu ikhale black and white ngati sananene kuti akufuna ya kala. Ngati uli pa iPhone dziwa kuti kuyambira 2017 imasunga zithunzi ngati HEIC, mtundu wina wa failo osati JPEG, ndipo masamba ena ofunsira ntchito amaikana, pita ku Settings, Camera, Formats usankhe Most Compatible usanajambule.