Kafukufuku wa mafizo: tsatirani odwala amene sanabwerenso

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amagwira ntchito ya mafizo pachipatala cha pa boma, ndipo pano akuwonjezera maphunziro kuti apeze digiri. Chaka chomaliza chakwana, akufunika mutu wa kafukufuku. Anzawo ambiri asankha kufunsa anthu zimene akudziwa ndi kuganiza za matenda akutiakuti, koma iwo mtima sukuwakoka. Anamaliza ndi funso ili: "Kodi kafukufuku wa ife a mafizo, a kulabu, a X-ray ndi ma clinical officer amasintha kanthu, kapena weniweni ndi wa madokotala okha?"

Achemwali, amasintha, ndipo umboni wake uli konkuno kwathu.

Taganizani za ana obadwa ndi mapazi opindika. Njira ya Ignacio Ponseti, dokotala wa ku Iowa ku America, ndi yowongola phazi pang'onopang'ono ndi manja, kulimanga chikhakha, kusintha sabata iliyonse kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, kudula pang'ono mtsempha wa kuchidendene ngati pakufunika, kenako kumuveka mwana nsapato zolumikizidwa ndi kachitsulo. Funso linali lakuti, kodi munthu amene si dokotala wa mafupa angathe? Mu 2005 munatuluka zotsatira za ku Blantyre: ma orthopaedic clinical officer, amene ndi ma clinical officer a za mafupa, anawongola mapazi 100, ndipo 98 anafika poponda pansi bwinobwino. Awa ndi anthu a gulu limene maphunziro ake anayamba mu 1985 chifukwa madokotala a mafupa anali osowa kwambiri m'dziko muno. Panalibe makina okwera mtengo pa kafukufukuyu. Panali manja, chikhakha ndi kaundula wolembedwa mosamala.

Chimodzimodzinso pa kafukufuku amene anatuluka mu 2007, a Chilopora ndi ofufuza anzawo anatsata maopareshoni a amayi oyembekezera oposa 2,000 m'zipatala 38 za m'dziko muno. Anapeza kuti ma clinical officer ndi amene anachita pafupifupi 90 mwa 100 aliwonse a maopareshoni obereketsa, ndipo amayiwo anachira mosasiyana kwenikweni ndi amene anachitidwa ndi madokotala. Pepala lotere likafika patebulo la akuluakulu okonza za maphunziro ndi malipiro, limayankhula zimene madandaulo a m'khonde sangathe.

Ndiye ine sindikunyoza mitu ya anzanuyo. Kufunsa anthu zimene akudziwa kuli ndi malo ake. Koma nthawi zambiri yankho lake timalidziwa kale kafukufuku asanayambe: anthu akudziwa pang'ono, pakufunika kuwaphunzitsa. Lipoti likamangidwa bwino limakakhala pashelefu, ndipo Lolemba m'mawa wodi ya amuna ili monga inalili. Zimandiwawa, chifukwa miyezi imene mwana wasukulu waitaya pamenepo ikanayankha funso limene palibe wina aliyense padziko lapansi angayankhe koma iyeyo.

Funso lotero inu muli nalo kale m'kaundula wanu. Tsegulani masamba a odwala sitiroko a chaka chatha. Angati munawauza kuti abwerenso kudzapanga mafizo? Angati anabwera kamodzi? Angati kanayi? Nanga otsalawo ali kuti, akuyenda, ali chigonere, kapena anatisiya?

Ndinagwirapo ntchito pachipatala china kumene tinkalemba kuti "wathawa thandizo" aliyense amene sanabwerenso. Tsiku lina ndinakumana pamsika ndi mwana wamkazi wa bambo wina amene tinamulemba choncho. Anandifotokozera kuti kuchokera kwawo kufika pamsewu ndi ulendo wa kabaza, ndipo munthu wakufa mbali imodzi sakhazikika pakabaza, pamafunika wina womugwira kumbuyo. Anayesa kawiri, kachitatu ndalama inatha, nyengo yopalira inafika, ndipo iye yekha ndiye anali wolima, wophika ndi wosambitsa bambo ake. Ndinachita manyazi kwambiri. Mawu aja tinkalemba anali bodza, ndipo bodzalo linkatiteteza ifeyo kuti tisafunse ngati thandizo lathu linakonzedwa moyenera anthu athu.

Apa ndi pamene maphunziro, ntchito ndi kayendetsedwe ka chipatala zimakumana. Digiri ya mafizo inayamba ku College of Medicine mu 2010, sukulu imene kuyambira 2021 ili mbali ya Kamuzu University of Health Sciences (KUHeS). Ndi ntchito yaing'ono msinkhu m'dziko muno, ndipo mabuku ambiri amene timaphunzira analembedwa kumene wodwala amaonana ndi wamafizo kangapo pa sabata kwa miyezi. Kwathu amene amamutembenuza wodwala usiku, kumuwongola mkono ndi kumuimika ndi gadiyani, kawirikawiri mayi kapena mtsikana amene sanaphunzirepo zimenezi. Ngati zili choncho, luso lalikulu la wamafizo wa pa boma ndi kuphunzitsa gadiyani m'masiku ochepa amene wodwala ali m'wodi. Kodi ophunzira athu amayesedwa pa luso limeneli? Kodi gadiyani amakumbukira chiyani pakatha mwezi, zimene anauzidwa pakamwa kapena zimene anachita yekha ndi manja inu mukuyang'ana? Mutu wina wa digiri ndi umenewo.

Mwina mukuti, zimenezi ndi zodziwikiratu, nzeru wamba zikukwanira. Ayi ndithu. Kwa zaka zambiri a mafizo ankakhulupirira kuti wodwala sitiroko akadzutsidwa msangamsanga ndi pafupipafupi amachira bwino. Kafukufuku wotchedwa AVERT, wotsogozedwa ndi Julie Bernhardt wa ku Australia amene ndi wamafizo ngati inu, anayesa zimenezi pa odwala 2,104 m'mayiko asanu. Zotsatira zinatuluka mu 2015: mwa amene anadzutsidwa kwambiri maola 24 asanathe, 46 mwa 100 ndi amene anali bwino patatha miyezi itatu, pamene mwa olandira chisamaliro cha masiku onse anali 50. Chimene aliyense ankachiona ngati chanzeru chinapezeka kuti chikachulukitsa chimabweza wodwala m'mbuyo. Ngati iwo anafunika kuwerenga kuti adziwe, nafenso tisadalire maso okha.

Za kachitidwe kake ndinene mwachidule. Funso likhale limodzi. Gwiritsani ntchito muyeso wodziwika kale, monga modified Rankin Scale, umene umayika wodwala pakati pa 0 ndi 6 ndipo mutha kuufunsa pafoni, kapena Barthel Index wa zochita za tsiku ndi tsiku monga kudya, kusamba ndi kupita kuchimbudzi. Musapeke wanuwanu, chifukwa zotsatira zanu sizidzafanizika ndi za ena. Chilolezo cha komiti yoona za kafukufuku, monga COMREC ngati muli ku KUHeS, ndi cha ofesi ya zaumoyo ya boma lanu, chipempheni msanga chifukwa chimatenga nthawi. Kalata yopempha chilolezo cha wodwala ikhale m'chiyankhulo chimene iye amalankhula kunyumba. Werengani zimene ena analemba kale mu Malawi Medical Journal, imene ili yaulere pa intaneti, komanso mu PEDro, nkhokwe ya kafukufuku wa mafizo imene inayamba ku Sydney mu 1999.

Odwala 60 otsatidwa mokhulupirika ndi okwanira pa digiri yoyamba. Amene mwalephera kuwapeza muwalembenso, musawabise, chifukwa chiwerengero chawo ndi mbali ya yankho. Mukamaliza, musanaganize zotumiza ku magazini, kafotokozeni zotsatirazo pamsonkhano wa m'mawa wa chipatala chanu, pamaso pa amene amagawa galimoto ndi mafuta a maulendo a kumidzi.

Ndipo mawa lomwe, chilolezo chisanabwere n'komwe, onjezani mizere iwiri m'kaundula wanu: nambala ya foni ya gadiyani ndi ya munthu wina wa m'mudzimo, komanso dzina la mlangizi wa zaumoyo wa dera lawo. Popanda zimenezi, pofika mwezi wachitatu simudzakhala ndi womuimbira.