Mwana amene akupatsa salankhula? Usamusiye

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mtsikana wa Fomu 3. Kusukulu kwawo anamusankha kuti azilangiza mwana wa Fomu 1. Akumana kanayi, koma mwanayo amangoti "eya" kapena "ayi", maso ali pansi. Ndiye akufunsa kuti: "Kodi ndiwauze aphunzitsi andipatse wina? Mwina ine utsogoleri si mbali yanga."

Mng'ono wanga, nditawerenga ndinayamba ndakhala duu, chifukwa mwana wosalankhulayo ndinali ine.

Ndili Fomu 1 ndinali wamanyazi koopsa. Masamu ankandizunguza mutu, moti kope ndinkaliphimba ndi mkono aphunzitsi akamadutsa. Sukulu yathu inkapereka mwana aliyense watsopano kwa wamkulu mmodzi, ndipo ine anandipatsa pulifekiti wina wotchuka, wanzeru, uja akalankhula pa asembule aliyense ankatchera khutu. Tsiku loyamba anandigwira paphewa nati, "Vuto lililonse uzibwera kwa ine." Tinakumana kawiri. Kachitatu ndinamudikira pakhonde la laibulale mpaka belu linalira. Sanabwere, sanatumizenso uthenga. Patapita masiku tinakumana panjira, iye n'kundimwetulira monga mmene umamwetulira munthu amene dzina lake lakuthawa.

Lero ndikudziwa kuti anali ndi zambiri, mayeso anali pafupi. Koma mwana wa zaka 14 saganiza choncho. Ine ndinangoti basi, ndine wotopetsa, ngakhale munthu wabwino ngati ameneyu walephera kundipirira. Maganizo amenewo ndinayenda nawo chaka chonse.

Ndili wamkulu ndinapeza kuti zimenezi anazifufuzapo. Mu 2002, Jean Grossman ndi Jean Rhodes anaunika achinyamata a m'bungwe la Big Brothers Big Sisters ku America, lomwe linayamba mu 1904 ku New York. Amene ubale wawo ndi mlangizi unafika chaka kapena kupitirira ndi amene anapindula kwambiri. Amene anasiyidwa miyezi itatu isanakwane anayamba kudziderera, ngakhale pa za m'kalasi. Alangizi a m'bungweli ndi anthu akuluakulu, inde, koma ululu wosiyidwa ndi womwewo, ine ndi mboni. Ndiye sukulu imene imagawa ana kwa alangizi pa mwambo wa tsiku limodzi kenako osatsatira, ikuvulaza ana. Ndibwino kusayamba n'komwe.

Ndipo pa kasankhidwe ka alangiziwa ndi pamene ndimakwiya. N'chifukwa chiyani nthawi zonse timatenga mapulifekiti ndi ana a nambala wani? Upulifekiti umene tikuudziwawu unakhazikika ku England, makamaka Thomas Arnold atakhala mphunzitsi wamkulu ku Rugby School mu 1828, ndipo ntchito yake yaikulu inali yosungitsa mwambo. Tsono munthu amene m'mawa walemba dzina lako kuti wachedwa, madzulo ungamuuze kuti dzulo unalira usiku wonse? Sizingatheke. Ntchitozi n'ziwiri, zisamasenzetsedwe munthu mmodzi.

Ku New Jersey, Elizabeth Levy Paluck ndi anzake anayesa njira ina m'sukulu 56. Anayamba afunsa ana onse kuti amakonda kucheza ndi ndani, kenako timagulu ta ana tinapatsidwa mpata wotsogolera anzawo polimbana ndi kuzunzana. Zotsatira zake zinatuluka mu 2016: milandu ya mikangano inatsika ndi pafupifupi 30 peresenti, ndipo kusintha kunali kwakukulu kumene timaguluto tinali ndi ana amene anzawo ambiri amakonda kucheza nawo. Ana oterewa nthawi zambiri aphunzitsi sawaona. Ena amakhala kumbuyo kwa kalasi.

Amene anandidzutsa ine analibe baji. Anali mtsikana wa Fomu 3, wachete ngati ine, yemwe Lachitatu lililonse ankakhala pambali panga mulaibulale. Sanandifunsepo za mumtima. Ankangokoka kope langa n'kunena kuti, "Tiye tiyese iyi." Panatha mwina miyezi iwiri ndisanamuuze chilichonse cha ine. Mpaka lero ndikaona mwana ataphimba kope ndi mkono ndimamukumbuka, ndipo zimandipweteka kuti sindinamuthokoze mokwanira.

Ndiye utani?

Usapemphe wina. Kukumana kanayi n'kochepa kwambiri, ndipo ngati mwanayo akubwerabe ndiye kuti chilipo chimene akupeza. Sankhani tsiku ndi malo amodzi osasinthasintha, ndipo ukalephera umuuziretu wekha. Siya kumupanikiza ndi mafunso muli maso ndi maso. Chitani chinthu limodzi, kaya homuweki, kaya kujambula, kaya kungozungulira bwalo la masewero, mawu amabwera okha manja akakhala pa ntchito. Muuzeko chimene chinkakuvuta iwe uli Fomu 1.

Chimodzi chokha usachiphonye. Usamulonjeze kuti usunga chinsinsi chilichonse. Akadzakuuza kuti wina akumuzunza, akumugwiragwira, kapena kuti akuganiza zodzivulaza, umuuze modekha kuti izi zikufunika munthu wamkulu, ndipo upite naye kwa mphunzitsi amene umamukhulupirira tsiku lomwelo. Teremu ikamatha undilembere, ndimve mmene zikuyendera.