Yankho kwa mayi amene afunsa za Marlboro College

Mayi, mwafunsa ngati mungatumize mwana wanu ku Marlboro College, koleji yaing'ono ya ku Vermont m'dziko la America, imene munamva kuti inakhazikitsidwa pothandiza asilikali obwera kunkhondo. Kolejiyi inatsekedwa mu 2020, choncho musapereke ndalama kwa aliyense amene angalonjeze kumupezera malo kumeneko.

Zimene munamva za chiyambi chake n'zoona. Walter Hendricks, amene anaphunzitsapo asilikali ku Biarritz m'dziko la France nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itangotha, ndiye anaiyambitsa mu 1946 pa malo amene kale anali mafamu. Ophunzira oyamba anafika mu 1947 ndipo anali 50, mwa iwo 35 anali asilikali akale, gulu limene boma linkalilipirira maphunziro potsatira lamulo la GI Bill la mu 1944. Iwo omwe anathandiza kusandutsa nyumba za pafamupo kukhala makalasi ndi zipinda zogona.

Chimene chinkatamandika kwambiri chinali kaphunzitsidwe. M'zaka ziwiri zomaliza wophunzira ankadzikonzera yekha ndondomeko ya maphunziro yotchedwa Plan of Concentration, n'kumakumana ndi aphunzitsi payekha kapena m'timagulu, ndipo pamapeto pake katswiri wochokera kunja kwa kolejiyo ankabwera kudzamufunsa mafunso pamasom'pamaso. Kunena zoona, njira imeneyi inkayenera mwana wodziwa kudzigwira, osati wofuna kukumbutsidwa ntchito tsiku ndi tsiku. Ophunzira atachepa mpaka osakwana 200, ndalama zoyendetsera sukulu zinavuta, ndipo chuma chake chinaperekedwa ku Emerson College ya ku Boston, kumene dzina la Marlboro likupitirira m'nthambi ya Emerson yotchedwa Marlboro Institute for Liberal Arts and Interdisciplinary Studies.

Ngati mwana wanu amakonda utolankhani, zisudzo, mafilimu kapena kulemba, yang'anani ku Emerson, koma mudziwiretu kuti moyo wa ku Boston ndi wokwera mtengo. Ngati mukufuna koleji ya kumudzi yokhala ndi mbiri yofanana, ilipo New England College ya ku Henniker, ku New Hampshire, imene inayambanso mu 1946 chifukwa cha asilikali omwewo, ndipo imaphunzitsa zamalonda, zauphunzitsi ndi maphunziro a zaupandu ndi chilungamo. Musanalipire fomu, alembereni nokha kalata yofunsa thandizo la fizi limene amapereka kwa ophunzira ochokera kunja.