Kwa Adzukulu Okonda Mafilimu a Nkhondo

Adzukulu anga, mwandifunsa ngati n'kulakwa kuwomba m'manja pamene msilikali wa mufilimu akupha adani ake, popeza anzanu amati kutero ndiko kukonda dziko, ndiponso mwafunsa ngati ngwazi ndi amene wapha anthu ambiri. Mafunso awiriwa ndiwayankha pamodzi chifukwa muzu wake ndi umodzi.

Dziwani kuti filimu ya nkhondo ili ndi mwini wake, ndipo mwiniyo ndiye amasankha munthu amene mudzamulire ndi amene mudzakondwere akamagwa. Msilikali wa mbali imene iye akukonda amamupatsa dzina, amatisonyeza mayi ake, amaika kalata ya mkazi wake m'thumba mwake, pomwe wa mbali inayo amangooneka patali, chipewa chitaphimba nkhope, n'kufa osatchulidwa dzina. Komatu nayenso anabadwa kwa mayi, ndipo ambiri otere anawatenga mokakamiza asanadziwe n'komwe chimene akumenyera. Ku America, unduna wa zachitetezo umabwereketsa ndege ndi sitima zankhondo kwa opanga mafilimu, koma umayamba wawerenga nkhani yonse ndipo ukhoza kupempha kuti zina zisinthidwe. Filimu ya Top Gun ya mu 1986 inapangidwa ndi thandizo lotero la asilikali a pamadzi. Kuonera sindikuletsani, koma mtima ukamadumpha ndi nyimbo ndi mbendera, muzidzifunsa kuti ndani wafuna kuti udumphe.

Za ungwazi, ndikuuzani za munthu amene anakhalapodi. Desmond Doss anali msilikali wa ku America pa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, wa mpingo wa Seventh-day Adventist, ndipo chifukwa cha chikhulupiriro chake anakana kunyamula mfuti, nasankha ntchito yothandiza ovulala. Pa maphunziro a usilikali anzake ankamunyoza kuti ndi wamantha. Mu May 1945, pa chilumba cha Okinawa ku Japan, gulu lake litapanikizidwa pamwamba pa phompho n'kubwerera m'mbuyo, iye anatsala yekha pamalo pamene zipolopolo zinali kuwuluka, akukoka ovulala mmodzimmodzi ndi kuwatsitsa ndi chingwe mpaka pansi. Anthu amene anawapulumutsa amawerengedwa kuti anali 75, ndipo mu October chaka chomwecho Pulezidenti Harry Truman anamuveka mendulo yapamwamba kwambiri ya usilikali ku America. Nkhani yake inapangidwa filimu mu 2016, yotchedwa Hacksaw Ridge. Kwa ine, munthu ameneyu anakonda dziko lake kwathunthu, ndipo sanafunike kudana ndi munthu aliyense kuti alikonde.

Akuluakulu anati nkhondo simanga mudzi, ndipo mafilimu ambiri amadumpha mbali imeneyi. Pa nkhondo yachiwiri ija anthu wamba amene anafa anali ochuluka kuposa asilikali, ndipo pa Okinawa pomwepo akazi, ana ndi okalamba ambirimbiri anathera m'mapanga momwe ankabisala. Filimu imatha ndi kuguba kwachipambano, koma amasiye, olumala ndi minda yotsala ndi mabomba okwiriridwa zimakhalapo zaka zambiri pambuyo pake.

Tsono pa khalidwe lanu ndikupemphani izi. Munthu akamafa pa kanema, ngakhale wotchedwa mdani, musakuwe mokondwera, chifukwa mtima umazolowera zimene mwauphunzitsa, makamaka pamene ang'ono anu akukuonani. Mukakumana ndi msilikali amene anapitadi kunkhondo, musamufunse kuti anapha angati, monga amachitira anyamata ena pofuna kumva zonga za mufilimu. Ambiri a iwo sagona bwino usiku, amadzidzimuka ndi phokoso la chitseko, ndipo funso lotero limawabwezera kumene akuyesetsa kuchokako. Mupatseni moni mwaulemu, mufunseni za moyo wake ndi banja lake, ndipo akafuna yekha kufotokoza za anzake amene sanabwerere, khalani pansi mumvetsere osamudula mawu.