Wailesi yathu yasamuka nambala, bwanji sikumvekanso bwino?

FUNSO: Amisiri, ndine mayi wazaka 58, ndipo wailesi yaing'ono ya m'dera lathu ndakhala ndikuimvera chiitsegulireni. Mwezi watha analengeza kuti akuchoka pa nambala yakale, cha pa 90, kupita cha pa 103. Chisamukireni mtendere ndilibe. M'mawa imamveka ndithu, koma ndikangoisuntha pang'ono wailesi yanga mumalowa wailesi ina yaikulu. Madzulo ndiye ndi phokoso lokhalokha, ngati mvula padenga lamalata. Mchemwali wanga amene amakhala kuseri kwa phiri akuti kwawo yasoweratu. Mwana wanga akuti wailesi yangayi yakalamba, ndigule ina. Kodi n'zoona?

Mayi wodandaula

YANKHO: Mayi, musafulumire kuitaya. Wailesi yomwe inkamveka bwino mwezi wathawu singakalambe usiku umodzi. Ndakhala ndikutsegula mawailesi kwa zaka zambiri, ndipo zimene mwafotokozazi sizikuloza ku wailesi yanu.

Ndiyambe ndi wailesi yaikulu imene ikulowererayo. Nyumba zonse zoulutsira mawu pa FM zimapanikizana pakati pa 87.5 ndi 108 MHz, ndipo iliyonse imatenga kampata ka pafupifupi 0.2. Wailesi yanu yokondedwayo itasamuka, yapeza anansi atsopano, ndipo zikuoneka kuti mmodzi ndi wamphamvu kwambiri. Tsono FM ili ndi khalidwe lake. Mawu a nyumba ziwiri akafika moyandikana, wailesi simawasakaniza kwa nthawi yaitali ayi: imagwira amphamvuwo n'kutayiratu ofookawo. N'chifukwa chake mukangosuntha pang'ono, muulutsi amene mumamumvera amazimiririka mwadzidzidzi, wina n'kulowa.

Pamenepa eriyo ndiye mankhwala. Ambiri amaisolola mpaka pamapeto poganiza kuti kutalika ndiye kumva bwino, koma eriyo yaitali imakoka ndi wailesi yaikulu yomwe. Utali woyenera nambala ya 90 ndi masentimita pafupifupi 83, pomwe wa 103 ndi pafupifupi 73. Choncho ibwezeni pang'ono. Kusiyana kumeneku n'kochepa, ndipo chimene chimathandiza kwambiri ndi kumene eriyoyo yaloza. Ikani wailesi pawindo loyang'ana kumene kuli mlongoti wa wailesi yaing'onoyo, pendeketsani eriyo, ndipo muziizungulitsa pang'onopang'ono mpaka mlendoyo atachepa mphamvu. Potchera, sunthirani kabatani pang'ono chabe kumbali yotalikana ndi wailesi yaikuluyo. Pamafunika kudekha, koma mukapeza malo abwino, ikani chizindikiro patebulopo.

Phokoso lamadzulo ndikulikayikira kuti likuchokera m'nyumba mwanu momwemo. Kukada timayatsa mababu a LED, timalumikiza machaja a foni, ena amayatsa inveta ya sola, ndipo zina mwa zipangizozi zimamwaza phokoso m'mafunde a wailesi. Pa nambala yakale mawu ankafika amphamvu, ndiye ankaliphimba. Yesani chonchi madzulo ano: ikani mabatire mu wailesi, muzimitse zonse zamagetsi, kenako muziyatsa chimodzichimodzi. Chopalamulacho chidziulula chokha. Ngati wailesi yanu ili ndi kabatani kolembedwa stereo ndi mono, sankhani mono, chifukwa stereo imafuna mawu amphamvu kwambiri kuti imveke mosapokosera.

Koma chimene chandikhudza kwambiri ndi nkhani ya achemwali anu. N'zoona kuti mafunde a FM amayenda molunjika ndipo phiri limawatchinga, koma phirilo linalipo kale pamene ankamva bwino. Chasintha chili ku nyumba youlutsira mawu. Eriyo imene ili pamwamba pa mlongoti nthawi zambiri imakhala yoyezedwa mogwirizana ndi nambala imodzi. Akasintha nambala pa makina oulutsira mawu koma osakonzanso eriyo ija, mphamvu ina imabwerera m'nthambo m'malo motuluka, ndipo makina ambiri amadzichepetsera okha mphamvu poopa kupsa. Kuchoka pa 90 kufika pa 103 ndi ulendo wautali kwa eriyo yotere. Ndinaziona pa wailesi ina yaing'ono: oulutsa ankasangalala kuti zonse zili bwino, pomwe theka la omvera awo linali litasowa. N'kuthekanso kuti kuseri kwa phiriko kumafika wailesi ina yakutali imene ili pa nambala yomweyo, ndipo ikuigonjetsa yanuyo.

Zimenezi inu simungazikonze pakhomo, koma mungathandize kwambiri. Anthu a ku wailesiko amakhala pafupi ndi mlongoti wawo, pomwe mawu amamveka mwamphamvu nthawi zonse, ndipo nyumba zing'onozing'ono kawirikawiri zilibe zida zoyendera dera lonse kukayeza. Makutu awo ndinu. Kwa sabata imodzi lembani nthawi imene vuto limabwera, malo amene muli, ndi dzina la wailesi imene ikulowererayo. Achemwali anu achitenso chimodzimodzi, ndipo mapepala onse awiri muwapereke kwa amisiri a wailesiyo. Manambalawa amagawa ndi bungwe la boma loyang'anira zoulutsa mawu, ndipo oulutsa akapita kumeneko ndi umboni wolembedwa wochokera kwa omvera, dandaulo lawo limalemera.

Za kugula ina, muuzeni mwana wanuyo abwere ndi foni yokhala ndi FM, alowetse mahedifoni, popeza nthambo yake ndiyo imagwira ntchito ya eriyo, ndipo atchere nambala yatsopanoyo ali pamalo pomwe mumaika wailesi yanu. Ngati nayonso foni ikuvutika, wailesi yanu ilibe mlandu. Ngati foni ikumveka bwino pomwe wailesi ikulephera ngakhale mwayesa zonse ndanenazi, pamenepo mungaganize zogula yoonetsa manambala pagalasi, chifukwa zotero zimakhazikika pa nambala yeniyeni osasuntha.