Matope a suweji m'munda: kodi amamanga nthaka kapena amaiwononga pang'onopang'ono?

Mayi wina wandilembera imelo kufunsa ngati angapitirize kuthira matope a suweji (otsalira poyeretsa madzi a m'zimbudzi) m'munda mwake chaka ndi chaka, popeza mbewu zikubiriwira kuposa kale. Mayi, funso lanuli landifika pamtima, chifukwa ndi lomwe linkandisowetsa tulo nditalandira munda wa malemu bambo anga.

Mundawo unali woguga. Dothi loyera mbuu, mvula ikagwa madzi ankangoyenderera pamwamba, dzuwa likaswa linkalimba ngati mwala. Mnansi wanga ankatenga matope ouma kumalo oyeretsera madzi a m'zimbudzi, ndipo kwake kunali kobiriwira moti odutsa ankaima kuyang'ana. Ndinapemphako ochepa n'kuthira pakona imodzi. Zinasinthadi. Khasu linayamba kulowa mosavuta, chinyezi chinkakhalitsa, nyongolotsi zinabwerera. Munameranso tomato wambirimbiri wosabzala, chifukwa njere zake zimadutsa m'mimba mwa munthu ndi m'madamu oyeretsera zili zamoyo. Ana anakondwa naye tomatoyo, koma ine ndinayamba kudzifunsa kuti ngati kanjere kapulumuka ulendo wonsewo, n'chiyaninso china chapulumuka. Mazira a njoka za m'mimba zotchedwa Ascaris, mwachitsanzo, amatha kukhala amoyo m'dothi kwa zaka.

Ubwino wake sindikuukana. Matopewa ali ndi nayitirojeni, fosiforasi wambiri ndi zowolerana zimene zimafewetsa nthaka. Ku Ultuna, m'dziko la Sweden, akhala akuyesa manyowa osiyanasiyana kuyambira 1956, ndipo pomwe amathira matope a suweji zowolerana za m'nthaka zinachulukadi.

Chomwe chinandiimitsa ndi nkhani ya ku Woburn, ku England. Kumeneko anayamba kuthira matopewa m'timinda toyesera mu 1942 n'kusiya mu 1961. Atapimanso dothilo m'zaka za m'ma 1980, patadutsa zaka zoposa 20 chisiyireni, anapeza kuti zitsulo monga zinki, kadimiyamu, mkuwa ndi nikelo zinali zikadali m'dothi lapamwamba lomwe khasu limafika. Tizilombo tothandiza ta m'nthaka tinali titachepa kufika pafupifupi theka poyerekeza ndi pomwe ankathira manyowa a khola. Ndipo mbewu ya clover, yomwe ndi ya m'gulu la nyemba, inkapanga timatuza pamizu koma timatuzato sitinkakola nayitirojeni kuchokera mumpweya. Taganizani, mayi: nthaka kulandidwa mphamvu yodzipangira yokha chakudya!

Apa ndiye ndimauma mtima. Zowolerana zimawola ndithu, ndi mmene zimagwirira ntchito, ndipo mukasiya kuthira zimachepa chaka ndi chaka. Nayitirojeni wambiri amatuluka m'nyengo yoyamba. Koma chitsulo sichiwola. Thumba lililonse limawonjezera pa zomwe thumba la chaka chatha linasiya, ndipo dothi likayamba kuwawasa ndi asidi, kadimiyamu ndi zinki zimasungunuka n'kulowa m'mizu, makamaka ya mbewu zamasamba. Amene amati "taonani kubiriwira kwake" akuyang'ana miyezi, pamene munda ndi wa ana ndi adzukulu. Zimandipweteka kuona matopewa akuperekedwa kwa alimi popanda ngakhale pepala losonyeza zomwe zilimo. Kumeneko ndi kutaya zinyalala m'munda mwa mnzako kenako n'kumati wamuthandiza.

Ndipo suweji ya masiku ano si ya zimbudzi zokha. Mumalowa madzi a m'mafakitale, a m'magalaja, mankhwala a m'zipatala, timapulasitiki tating'onoting'ono tochoka m'zovala pochapa. Mayiko a European Union anaika malire a zitsulo m'matopewa mu 1986, United States mu 1993. Switzerland inafika poletseratu kuwathira m'minda. Dera la Maine ku United States linaletsa mu 2022 chifukwa cha mankhwala otchedwa PFAS, amene sawonongeka m'nthaka, ndipo anapezeka m'zitsime ndi mumkaka wa m'mafamu omwe anathiridwa matope zaka zambiri m'mbuyomo. Alimi ena kumeneko anasiya kugulitsa zokolola, pamene iwo ankangotsatira zomwe zinali zololedwa pa nthawiyo.

Nanga muchite chiyani?

Chaka ndi chaka ayi, mayi. Funsani komwe matopewo akuchokera, ndipo ngati mumalowa madzi a m'mafakitale kapena sakukuonetsani zotsatira za ku labotale, alekeni. Ngati ali opimidwa ndi okonzedwa bwino, thirani ochepa, akwirireni m'dothi nthawi yobzala ikadali kutali, musathire pa ndiwo zamasamba kapena zodya zosaphika, kenako dumphani zaka zingapo mukugwiritsa ntchito kompositi, manyowa a khola ndi mapesi. Kapimitseni dothi lanu panopa, zitsulo ndi asidi yemwe, ndipo asidi akapezeka wokwera thirani laimu.